Mmene mungamalizire kuphunzira ntchito yamanja n'kukhala mmisiri woima payekha

Munthu akatsala ndi chaka chimodzi kuti amalize kuphunzira ntchito yamanja, manja amakhala atazolowera kale. Sowo siikhotanso, tepi amaiwerenga kamodzi n'kudula, ndipo akapitawo amayamba kumusiya yekha m'mawa wonse osabwera kudzasuzumira. Apa m'pamene ambiri amatayirira. Ndaona anyamata ndi atsikana aluso ndithu akuchedwa kulandira satifiketi ndi miyezi ingapo, ena chaka chathunthu, chifukwa cha siginecha imodzi imene sinalembedwe pa nthawi yake. Zimandiwawa, chifukwa n'zopeweka. Ine ndine kalipentala, choncho zitsanzo zanga zinunkha utuchi, koma njira yake ndi yomweyi kwa wazamagetsi, wokonza mipope, womanga nyumba, wowotcherera zitsulo ngakhale makaniko.

Tiyambe tamvana za udindo umene mukuulowera. Kale ku Ulaya amisiri ankakhala m'magulu atatu: wophunzira, amene ankakhala pansi pa mbuye wake, womaliza maphunziro, amene ankagwira ntchito yolipidwa, ndi katswiri, mwini malo ogwirira ntchito, amene ankaloledwa kuphunzitsa ena. Wapakatiyo Angelezi amamutcha journeyman, kuchokera ku liwu la Chifalansa lakuti journée, lonena za tsiku limodzi la ntchito. Ndiye kuti ndi munthu amene wapeza ufulu wolipiritsa tsiku lake kwa aliyense wofuna kumulemba. Ku England lamulo la mu 1563 linkafuna kuti munthu aphunzire zaka zosachepera 7 asanafike pamenepo. Masiku ano m'mayiko ambiri ndi zaka zitatu, zinayi kapena zisanu, malinga ndi ntchito yake. Chimene sichinasinthe n'chakuti luso lanu liyenera kuchitiridwa umboni ndi anthu ena, ndipo umboniwo ukhale wolembedwa.

Choyamba, tengani mgwirizano wanu muuwerengenso

Pepala limene munasaina tsiku loyamba lija, lifuneni lero. Ambiri analisaina mtima uli m'mwamba chifukwa chopeza malo, osaliwerenga n'komwe. Mukalipeza, onani nthawi imene muyenera kukwanitsa, mndandanda wa maluso amene muyenera kuphunzira, ndi amene ali ndi mphamvu zokulembetsani mayeso omaliza.

Nkhani ya nthawi ndi imene imapusitsa anthu. Kwina amawerenga zaka, kwina amawerenga maola. Ku United States, mwachitsanzo, chaka chimodzi cha wophunzira chimakhala maola pafupifupi 2,000 a pa ntchito ndi maola 144 a m'kalasi, ndipo wazamagetsi m'madera ambiri a dzikolo amafunika maola 8,000 asanaloledwe kulemba mayeso. Werengani nokha: maola 40 pa sabata, masabata 50 pa chaka, zaka zinayi. Kumene amawerenga choncho, mukadwala mwezi umodzi, kapena ntchito ikaima miyezi iwiri chifukwa zipangizo sizinafike, maola amenewo salowa m'buku la ntchito, limene wophunzira amalembamo zimene wagwira, ngakhale kalendala ikuonetsa kuti zaka zakwana. Khalani pansi ndi pensulo, phatikizani maola amene muli nawo, muone otsala, kenako muwagawe ndi maola amene mumagwira pa sabata. Yankho lake ndi limene likuuzeni tsiku lanu lenileni lomaliza.

Mukatero pitani kapena imbani foni ku bungwe loyang'anira maphunziro a ntchito zamanja m'dziko lanu. Funsani ngati dzina lanu lili m'kaundula wawo, ngati maola amene iwo ali nawo akufanana ndi anu, ndiponso tsiku limene kulembetsa mayeso kumatsekedwa. Musangokhulupirira kuti abwana anatumiza zonse.

Chachiwiri, buku lanu la ntchito lisagone osasainidwa

Izi ine ndinaziphunzira movutika. M'chaka changa chachitatu tinatha miyezi inayi tikukhoma denga la nyumba yaikulu yosungiramo katundu. Akapitawo athu anali munthu wabwino, woleza mtima pophunzitsa, koma ndikawapatsa buku ankati, "Lisunge kaye mwanawe, tidzasainira kumodzi ntchito ikatha." Ntchito isanathe anapeza malo kwina n'kusamuka. Amene analowa m'malo mwawo anakana kusaina, ndipo sindiwaimba mlandu, chifukwa sanandione ndili padenga paja. Masamba a miyezi inayi anangoti mbee. Zinanditengera masabata ambiri kuti ndiwapeze bambo aja, ndipo pofika tsiku limene anasaina, kulembetsa mayeso kunali kutatsekedwa. Ndinadikira ulendo wotsatira, ndikulandirabe malipiro a wophunzira.

Lembani m'buku tsiku lililonse musanaweruke, dzanja likadali ndi fumbi, ndipo Lachisanu lililonse lipititseni kwa wosaina. Musalembe kuti "ndagwira ntchito ya matabwa". Lembani kuti "ndapachika zitseko zinayi, ndasema malo a mahinjesi ndi maloko, ndagwiritsa ntchito tchizulo ndi dirilo, maola 7". Woyesa akadzatsegula bukulo afuna aone zimene manja anu anakhudza. Tsamba likasainidwa, lijambuleni ndi foni, chifukwa buku limanyowa, limasowa, limatsala m'galimoto ya munthu wina. Jambulaninso ntchito zimene mwamaliza, mutapempha chilolezo kwa eni ake. Mayiko ena nkhani ya buku saichitira masewera: ku Germany, kumene maphunziro a ntchito zambiri zamanja amatenga zaka zitatu kapena zitatu ndi theka, wophunzira saloledwa kulowa mayeso omaliza ngati buku lake la ntchito silinadzazidwe moyenera.

Chachitatu, fufuzani zimene simunagwirepo

Malo aliwonse ogwirira ntchito ali ndi zimene amapanga kawirikawiri, ndipo wophunzira amasanduka katswiri wa zomwezo. Mwina mwapanga makabati mazana, koma masitepe simunawayesepo. Wazamagetsi wina waika mawaya m'nyumba zambiri, koma injini yamagetsi sanaitsegulepo. Mayeso safunsa zimene abwana anu amakonda kugulitsa. Amafunsa ntchito yonse.

Tengani mndandanda wa maluso uja, muike chizindikiro pa chilichonse: ichi ndingachite ndekha, ichi ndingachite wina akundiyang'anira, ichi ndinangoonerera. Dziuzeni zoona, palibe akukuonani. Kenako pitani kwa akapitawo pa nthawi imene alibe phuma, buku lili m'manja, munene kuti, "Bwana, m'buku mwangamu mwatsala masitepe ndi mawindo. Ntchito yotere ikapezeka, chonde mundiganizireko." Munthu wopempha chinthu chimene wachitchula dzina amathandizidwa msanga kuposa wongodandaula kuti sakuphunzira kanthu. Ngati ntchito yoteroyo sibwera n'komwe pamalo anu, pemphani kuti akutumizeni kwa mmisiri wina kwa masabata angapo, kapena funsani aphunzitsi a kusukulu yanu kuti muzikayeserera kumeneko. Ndipo zidutswa za matabwa zimene zimatayidwa madzulo zija ndi sukulu yaulere: pemphani, mudulepo majointi, malo olumikizira matabwa, mpaka dzanja lidziwe lokha.

Chachinayi, mayeso olemba

Amisiri ambiri amaopa pepala kuposa makina. Mankhwala ake ndi kuyamba msanga ndi kuwerenga pang'ono tsiku lililonse, mphindi 30 kapena 40, kwa miyezi itatu kapena inayi. Kuchezera usiku wonse mawa kuli mayeso, thupi litatopa kale ndi ntchito, sikuthandiza.

Pezani kaye ndondomeko ya mayeso kuchokera kwa amene amawakonza, kuti mudziwe mbali imene ili ndi mafunso ambiri. Ku Canada, mayeso a Red Seal, amene amathandiza mmisiri kuti luso lake lizindikirike m'zigawo zonse za dzikolo, amakhala ndi mafunso pakati pa 100 ndi 150 osankha yankho, ndipo wokhoza ayenera kupeza 70 pa 100 alionse. Kwanu nambala zingakhale zina, koma zidziweni musanalowe m'chipindamo.

Masamu musawaloweze ngati nyimbo, aikeni pa ntchito. Ngati kuchokera pansi kufika pa chipinda chapamwamba pali mamilimita 2,720 ndipo mukufuna sitepe iliyonse ikwere 170, mupeza masitepe 16. Mukafuna kutsimikiza kuti ngodya ili sikweya, yezani masentimita 60 mbali ina, 80 mbali inayo. Mopingasa payenera kutuluka 100. Zoterezi muzizichita pa ntchito tsiku ndi tsiku, musanafunse amisiri aakulu yankho. Samalani ndi miyeso: anthu ambiri amalephera funso losavuta chifukwa chosakaniza mamilimita ndi masentimita, kapena chifukwa chosaona liwu lakuti "osati" m'funso. Chinanso, mayeso amafuna njira yolembedwa m'malamulo a ntchito yanu. Ngati pamalo anu pali kachidule kamene munazolowera, kasiyeni pakhomo.

Chachisanu, mayeso a manja

Apa ndichedwapo, chifukwa ndi pamene zaka zonse zija zimaonekera m'maola ochepa. M'mayiko ena, monga Germany, kalipentala wa mipando amajambula ndi kupanga chinthu chake chathunthu choti akaonetse kwa oyesa. Kwina mumapatsidwa pulani m'mawa womwewo, matabwa ndi nthawi yoikika. Mulimonsemo, kukonzekera kumayamba dzulo lake.

Nolani matchizulo onse ndi mpeni wa puleni madzulo, modekha, mpaka tchizulo izitha kusenga kumutu kwa thabwa popanda kuphwanya. Yesani sikweya yanu: igunditseni m'mphepete mwa thabwa lowongoka, lembani mzere, itembenuzeni, lembaninso pomwepo. Mizere iwiriyo ikapatukana, sikweyayo ndi yabodza, musapite nayo. Levulo nayonso iikeni pamalo amodzi, onani pamene kathovu kaima, itembenuzeni kumutu kukhale kumiyendo, muonenso. Kathovu kayenera kuima pomwe paja. Onani kambedza ka kumapeto kwa tepi ngati sikanapindike. Songolani mapensulo awiri. Magalasi oteteza maso, zotseka m'makutu ndi nsapato zantchito zikhale m'chikwama musanagone. Aliyense wa ntchito ina akudziwa zida zake zofanana ndi zimenezi.

Mukalandira pulani, musagwire sowo. Mtima umathamanga, mnzanu wapambali wayamba kale kudula, ndipo phokoso lake limakuuzani kuti mwatsalira. Musamumvere. Werengani pulaniyo kawiri, lembani mndandanda wa zidutswa zonse ndi miyeso yake, kenako gawani nthawi: kulemba mizere mpaka ola lakuti, kudula mpaka ola lakuti, kulumikiza, kusalaza. Siyani mphindi zosachepera 30 za kumapeto zopanda ntchito, chifukwa china chake chidzazifuna. Yang'anani matabwa amene mwapatsidwa, mupewe mfundo ndi ming'alu pamalo a jointi. Sankhani nkhope ndi m'mphepete mwa thabwa lililonse, muziike chizindikiro, ndipo miyeso yonse ichokere kumeneko. Mbali yotayidwa ilembeni mtanda musanadule. Sowo yamakina imadya pafupifupi mamilimita atatu, choncho dulani kumbali ya mtanda, mzere utsale pa thabwa.

Musapake guluu musanalumikize zonse zili zouma. Zikalowana bwino, yezani mopingasa kuchokera ngodya ina kufika inzake, kenako mbali inayo. Miyeso iwiriyo ifanane. Mukapaka guluu ndi kumanga makalampu, yezaninso, chifukwa kalampu imatha kukoka chimango n'kuchipotoza.

Mukalakwitsa, ndipo n'zotheka ndithu, imani kaye, mupume. Musabise cholakwa ndi utuchi wosakaniza guluu. Oyesa ndi amisiri, anaziona kale zonsezo. Ngati malamulo a mayeso akulola kupempha thabwa lina, pemphani, ngakhale zikudulitseni mamalikisi. Ngati salola, konzani mwaukhondo mupitirize. Kwa ine, ntchito yomalizidwa yokhala ndi kachilema kamodzi iposa ntchito yokongola imene yathera panjira, ndipo kasitomala aliyense angakuuzeni chimodzimodzi. Kumbukiraninso kuti oyesa amaona mmene mukugwirira: kumene zala zili pamene makina akuzungulira, ngati mwazimitsa magetsi musanasinthe mpeni, ngati tchizulo mwaisiya pamphepete pa benchi. M'mayeso ambiri kuphwanya lamulo la chitetezo kumatha kumuimitsa munthu pomwepo, ngakhale ntchito yake ili yabwino.

Zotsatira zikatuluka

Ngati simunakhoze, funsani mbali imene munagwa, funsani tsiku lobwereza, ndipo lembetsani nthawi yomweyo manyazi asanakukhazikeni pansi. Ndikudziwa amisiri abwino kwambiri amene anakhoza ulendo wachiwiri.

Ngati mwakhoza, tsatirani satifiketi yanu mpaka ifike m'manja. Onani ngati dzina lalembedwa monga lilili pa chiphaso chanu, chifukwa chilembo chimodzi cholakwika chidzakuvutitsani zaka zambiri mukadzafuna ntchito kwina. Pangani makope, yeniyeniyo muisunge pouma. Pemphaninso kalata kwa abwana yonena nthawi imene mwagwira ndi mitundu ya ntchito. Ndipo fufuzani ngati ntchito yanu imafuna laisensi yapadera: m'mayiko ambiri wazamagetsi kapena woika mapaipi a gasi saloledwa kugwira yekha ndi satifiketi ya maphunziro yokha, ndipo laisensiyo nthawi zina imafuna kukonzedwanso pakapita zaka.

Kambani za malipiro

Musadikire kuti malipiro asintha okha. Wophunzira amalandira gawo chabe la malipiro a mmisiri, ndipo m'malo ambiri amayambira pafupifupi theka. Tsopano mgwirizano wakale uja watha, pafunika watsopano. Musanalowe mu ofesi, dziwani zimene amisiri a giredi yanu amalandira: funsani anzanu a m'makampani ena, bungwe la ogwira ntchito ngati lilipo, ndi zimene malamulo a ntchito amanena. Kenako lankhulani mwaulemu koma mosazungulira: "Bwana, satifiketi ija yatuluka, ndi iyi. Ndimati tikambirane za giredi yanga ndi malipiro kuyambira mwezi uno." Akakuuzani kuti mudikire, funsani kuti mpaka liti, ndipo zimene mwagwirizana zilembedwe. Funsaninso za maola owonjezera, tchuthi, chithandizo mukavulala pa ntchito, ndi amene amagula zida zikatha.

Pa zida, musatenge ngongole kuti mudzaze bokosi mwezi woyamba. Yambani ndi zoyezera zabwino ndi zimene mumagwira tsiku lililonse, zina muzigula chimodzichimodzi. Zilembeni dzina.

Kukhala kapena kuchoka

Funso ili lilibe yankho limodzi, koma ndinena maganizo anga. Pamalo pamene munaphunzirira, anthu ena adzapitiriza kukuonani ngati mwana uja ankasesa utuchi, ndipo inunso mudzapitiriza kudziwa njira imodzi yokha yochitira zinthu. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Amisiri a ku Germany anaizindikira kalekale nkhaniyi, ndipo mpaka lero ena akamaliza maphunziro amanyamuka ulendo wotchedwa Walz, wa zaka zosachepera zitatu ndi tsiku limodzi, akugwira ntchito kwa amisiri osiyanasiyana, osayandikira kwawo pa mtunda wa makilomita 50, atanyamula kabuku kodindidwa m'mizinda imene adutsa. Sindikunena kuti munyamule kathumba mawa. Ngati malo anu ndi abwino, khalanipo kaye miyezi ingapo kapena chaka, muzolowere kusenza udindo muli pakati pa anthu okudziwani. Mukaona kuti papita nthawi osaphunzira chatsopano, yambani kuyang'ana kwina. Pochoka, perekani notisi yoyenera, malizani zimene munayamba, bwezani zida za kampani, mutsanzike bwino kwa amene anakuphunzitsani. Amisiri amadziwana, ndipo bwana watsopano adzafunsa wakale za inu.

Miyezi yoyamba

Tsiku loyamba kupatsidwa pulani n'kuuzidwa kuti "iyi ndi yanu" limalemera. Dzulo mukalakwitsa, amene ankafunsidwa anali akapitawo. Lero chitseko chikakana kutsekeka, afunsa inu. Choncho musanayambe ntchito iliyonse, yezani nokha pamalopo ngakhale pulani ili ndi miyeso, werengani zipangizo ngati zakwana, ndipo chimene sichikumveka mufunse musanadule. Ena amaganiza kuti satifiketi yawaletsa kufunsa, n'kuwononga matabwa a anthu chifukwa cha manyazi. Safunsa anadya phula. Akakufunsani kuti ntchito itha liti, nenani nthawi yoona, muphatikizepo yonyamula, yokonza malo ndi yosesa. Ndipo wina akakuuzani kuti mubise ntchito yosalimba kuseri kwa siling'i kapena pulasitala, kanani mwaulemu, chifukwa pansi pa denga limenelo padzagona anthu.

Posakhalitsa adzakupatsani wophunzira wanu. Adzaima pambali panu atagwira tepi mozondoka, akuopa kufunsa. Musamuchite zimene zinkakuwawani inu. Muonetseni kamodzi pang'onopang'ono mukufotokoza chifukwa chake, kachiwiri mugwire naye limodzi, kachitatu mumusiye achite yekha inu mukuyang'ana, manja anu ali kumbuyo. Akalakwitsa, mufunseni kaye kuti akuona kuti chavuta n'chiyani musanamuuze. Makina oopsa musamusiye nawo yekha mpaka mutakhutira ndi kumene amaika zala. Lachisanu likafika, musanavule ovolosi, muitaneni abwere ndi buku lake, muwerenge zimene walemba sabata imeneyo, mukonze pamene walemba mwachidule kwambiri, musaine ndi kulemba deti.